Ndikufuna usilikali, koma msana unavulalapo

Bangula, Ogasiti 2024

Kope ili linatsala pamene ndinkalemba mayeso a Fomu 4. Masamba osalemba alipo ambiri, ndiye ndati ndizisungamo nkhani imodzi: ndikufuna kulowa usilikali, koma msana wanga unavulalapo. Ndili ndi zaka 22. A Malawi Defence Force akalengeza kuti akulemba asilikali atsopano, amafuna Mmalawi wa zaka 18 mpaka 24, wa satifiketi ya MSCE, wosapalamulapo mlandu, wamsinkhu wokwanira, ndiponso wathanzi. Zinazo ndilibe nazo mantha. Za thanzizo ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Ndinavulala mu 2022, nyengo yogula thonje. Ndinali pa ganyu yokweza mabelo mu lole ku Ngabu. Titamaliza kupakira ndinakwera pamwamba kukakoka chingwe, chingwecho chinaduka, ine n'kugwa chambuyo, kufikira matako pa nthaka youma gwa. Ndinadzuka ndekha n'kusasa fumbi, anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo. M'mawa mwake ndinavala kabudula nditakhala pansi chifukwa kuwerama kunakanika. Ululu unkayambira m'chiuno n'kutsika kuseri kwa ntchafu yamanzere mpaka m'katumba, ndipo ndikatsokomola kapena kuyetsemula unkachita kubaya. Kuchipatala anandijambula, anati fupa silinathyoke, anandipatsa mapiritsi opha ululu n'kulemba zonse m'buku langa la kuchipatala. Agogo sanakhutire nazo. Ananditengera kwa asing'anga kumene ananditema mphini, mizere iwiri m'chiunomu. Pofika nthawi yodzala ndinali nditayambanso kugwira khasu, ndipo mpaka lero pakhomo pano anthu amatsutsana kuti chinandichiritsa n'chiti.

Masiku ano msana sundivuta, kupatula ndikakhalitsa m'minibasi kapena ndikalima tsiku lonse. Umangolemera, osati kuwawa kwenikweni.

Zofuna usilikali zinandilowa mu Januwale 2015. Tinkakhala ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, ine ndili ndi zaka 12. Ruo anasefukira n'kusiya njira yake, mudzi wonse unamira, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Amene anadzatichotsa pachulu pamene tinathawira anali asilikali a pa boti. Mmodzi anabereka agogo kumsana m'madzi olekeza m'chifuwa. Chichokereni nthawi imeneyo tinakhazikika kuno ku Bangula.

Chifukwa china n'chosanyaditsa koma n'choona: malipiro a pamwezi. Chaka chino mvula inadula, mu Marichi boma linalengeza kuti chilala chakhudza maboma 23 mwa 28, ndipo mapira athu sanafike ndi Juni yemwe. Kuno mnyamata wa MSCE akapanda kupeza malo kuminda ya nzimbe ku Nchalo, chotsala ndi kabaza, maganyu, kapena ulendo wa ku Joni.

Seputembala

Kuseri kwa msika kuli bambo wina wachikulire amene aliyense amangowatchula kuti a Sajeni. Anapuma usilikali kalekale, pano amaweta mbuzi ndi kukonza njinga. Ali mnyamata anali m'gulu la asilikali a Malawi amene ankalondera njanji ya ku Nacala m'dziko la Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inathamangitsira anthu kuno mpaka othawa kwawo anachuluka kuposa eni mudzi m'boma la Nsanje. Ndinapita ndi njinga yophwa tayala kuti ndipeze poyambira nkhani.

Ndinawauza kuti m'mawa uliwonse timathamanga ndi anzanga mumsewu wa M1, kulowera ku Phokera n'kubwerera, ndipo palibe amene amandipitirira. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Kuthamanga, ngakhale wakuba mbuzi amathamanga," anatero uku akumata chubu. "Ku MAFCO sakafuna liwiro lako lokha ayi. Akafuna aone ngati umatha kusenza."

MAFCO ndi sukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College, ili ku Salima kufupi ndi Senga Bay, ndipo olembedwa kumene amakhalako pafupifupi theka la chaka. A Sajeni akuti chimene chimagwetsa anyamata kumeneko si mpikisano wa tsiku limodzi. Ndi chikwama cholemera kumsana, mfuti m'manja, jombo zatsopano zoluma, ulendo wautali wapansi, kenako kuima njo pa perete osagwedezeka, kukwawa ndi mimba, kudumpha kuchokera m'lole, kugona pansi kutchire, n'kudzukanso kusanache kukabwereza zomwezo. Kunyumba msana ukalemera umasiya khasu n'kukakhala pamthunzi. Kumeneko wokuuza nthawi yopuma ndi wina.

Kenako anati, "Tavula malaya, mphwanga." Ndinavula. Anayang'ana m'chiuno nthawi ndithu, n'kufunsa kuti mphinizi zinatemedwera chiyani. Ndinafotokoza zonse.

"Poyeza thupi amakuvula zonse," anatero. "Mphini za pachipumi kapena pachifuwa adokotala amangozidutsa, alibe ndani? Koma akaona mizere iwiri m'chiuno amadziwa kuti munthuyu anadwalapo msana. Adzakufunsa. Uyambiretu kuganiza chodzayankha."

Vuto lina limene sindinaliganizepo ndi la dziko lathuli. Chigwa cha Shire n'chathyathyathya. Pamene Shire akutulukira m'Malawi kumunsi kwa Nsanje ndi malo otsika kuposa ena onse m'dziko muno, mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere. Miyendo yathu inazolowera kupalasa njinga pamalo osalala, zitunda sizidziwa. Mapiri a ku Chididi ali kutali kwa munthu wopanda ndalama ya ulendo. A Sajeni akuti popeza phiri tilibe, tigwiritse ntchito mchenga. Thangadzi waphwa nyengo ino, ndiye tayamba kuyenda ndi kuthamanga m'kati mwa mtsinjewo. Mumchenga phazi limatitimira, akatumba amapsa, ndipo ine amene ndimadzitama mumsewu wa tala ndinali wefuwefu ngati wina aliyense.

Okutobala

Kutentha kwafika pachimake. Masana kukupyola madigiri 40, usiku tonse tikugona panja pamphasa. Tikudzuka 4 koloko, dzuwa likangokwera pang'ono basi tasiya. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anafuna kuonetsa chamuna n'kuthamanga masana. Anayamba kuyankhula zosamveka, thupi lili moto, miyendo n'kulefuka. Tinamukokera pansi pa mtengo, kumuvula malaya, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza mpaka anatsitsimuka, n'kumutengera kuchipatala pa kabaza. Kuyambira tsiku limenelo aliyense amayang'ana mkodzo wake m'mawa. Ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi, tsiku limenelo umayamba wamwa kaye.

Nkhani yaikulu mwezi uno ndi ya buku la kuchipatala. Mnzanga amene tinali naye kalasi limodzi, iyenso wofuna usilikali, anandikokera pambali.

"Aise, usadzipweteke wekha. Mabukuwa amagulitsa. Kagule latsopano, ulipinde-pinde, ulidetse pang'ono, ukalembetsemo malungo kamodzi. Adzadziwa ndani? Za mphinizo udzangoti agogo anakutemera zoteteza afiti. Tsiku loyesa udzamwe mabrufeni awiri m'mawa, udzathamanga osamva kanthu."

Sindinamukalipire. Ndinafika mpaka pofunsa mtengo wa buku latsopano, ndipo si ndalama yoti munthu n'kuilephera. Maganizo ake ali ndi mutu. Ntchito ikalengezedwa anthu amabwera chinamtindi, malo ndi ochepa, ndiye oyesawo amafunafuna chifukwa chilichonse chochepetsera mzere. Munthu wonena yekha kuti anavulalapo msana wawapatsa chifukwacho m'manja. Ndipo alipo anyamata amene anagwa kuposa ine, pa njinga zamoto, pa ngolo, m'mitengo ya masawu, koma sanapite kuchipatala. Mabuku awo ndi oyera. Kodi ine ndilangidwe chifukwa choti ndinapita kukajambulitsa? Funso limeneli likundiwawa, ndipo sindikuona kuti ndi lopusa.

Buku lakalelo ndinalitulutsa m'chikwama cha amayi mmene amasungamo zitupa. Muli malungo angapo, muli likodzo la ndili Sitandade 7 pamene tinkasambira m'madambo, ndiye pali tsamba la 2022, mizere isanu ya Chingerezi chachidule ndi chidindo. Ndalibwezera momwemo. Latsopano sindinagule, komanso sindinganene kuti maganizowo achoka.

Pa WhatsApp pakuyendanso chikalata chonena kuti asilikali ayamba kulemba anthu, ofuna atumize ndalama pafoni kuti dzina lawo lilowe m'kaundula. A Sajeni atachiona anangoseka. Usilikali sagula, ndipo akuluakulu a MDF akhala akuchenjeza za zikalata zabodza zoterezi. Chilengezo chenicheni chimatuluka m'nyuzipepala ndi pawailesi.

Novembala

Ndinagula chikwama chakumsana pa kaunjika. Sikelo tilibe, koma lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye zigubu za malita 5 ndizo miyeso yathu. A Sajeni anati ndiyambe ndi chigubu chimodzi, ndizikhala nacho masabata angapo ndisanawonjezere, chikwama chizikhala chokwera ndi chomata kumsana, osati cholendewera m'matako. Ndinatsata zonsezo. Makilogalamu 5 anadutsa bwino, 10 chimodzimodzi. Pa 15 ndi pamene msana unayankhula.

Sunali ululu. Tili m'kati mwa ulendo mumchenga ndinamva dzanzi kunja kwa mwendo wamanzere, kuyambira m'munsi mwa bondo, kutsika pamwamba pa phazi mpaka chala chachikulu. Nsapato inkamveka ngati si yanga. Nditatula chikwama n'kukhala pansi, dzanzilo linatha pang'onopang'ono. Ndinati mwina lamba wa chikwama wandifinya. Ulendo wotsatira linabweranso pamalo omwewo, ndipo linachedwerapo kutha. Sindinauze anzanga. Ndinauza a Sajeni, iwo anati mawa lomwe ndikaonekere kuchipatala.

Pa chipatala cha boma ananditumiza kwa adokotala a mafupa. Awa ndi aja anaphunzira za mafupa mwapadera, amene m'zipatala za maboma ndiwo amawongola ndi kumanga mafupa othyoka, popeza madokotala a opaleshoni ya mafupa amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Anawerenga tsamba la 2022 lija asanandifunse kanthu, ndipo pamenepo ndinaona ntchito yake ya buku lakale: sindinavutike kufotokoza zimene ndinaiwala.

Anandiyendetsa ndi zidendene kuchoka pakhomo kufika pazenera, kenako ndi zala zakuphazi. Anandiweramitsa kutsogolo, chambuyo ndi m'mbali. Atandigoneka chagada, anagwira chidendene chamanja n'kukweza mwendo uli wowongoka, unakwera bwinobwino. Wamanzere utafika chapakati ndinamva kukoka kuseri kwa ntchafu, kutsika mpaka kumunsi kwa bondo, ndipo anaona nkhope yanga ndisananene. Anatenga kanyundo ka labala n'kugogoda pa bondo ndi kuseri kwa kakolo, miyendo yonse inadumpha mofanana. Kenako anagwira zala zazikulu zakuphazi zonse ziwiri.

"Kwezani zalazi, achimwene, musalole kuti ndizitsitse."

Chamanja chinalimba. Chamanzere chinagonja pang'ono, pang'ono kwambiri, koma tonse awiri tinaona.

Mafunso ake ena anandidabwitsa. Kodi mkodzo umatuluka bwino, suthawa kapena kukanika? Chimbudzi nanga? Pali dzanzi pakati pa miyendo, malo okhalira? Ndimatuluka thukuta usiku, ndaonda, ndimatentha thupi, ndimatsokomola? Zonse ndinayankha kuti ayi. Anati amafunsa chifukwa chifuwa chachikulu cha TB chimathanso kudya mafupa a msana, ndipo munthu amayesa ndi kuvulala kwakale. Za mkodzo ndi dzanzi la pakati pa miyendo anati zikadzachitika ndisadzadikire kuti kuche, chifukwa zimatanthauza kuti mitsempha yapanikizika kwambiri ndipo kuchedwa kumapundula.

Kenako anatembenuza pepala n'kujambula. Msana uli ndi mafupa 33 osanjikizana. Asanu akuluakulu a m'chiuno, amene amawatcha L1 mpaka L5, ndiwo amasenza thupi lonse lakumtunda pamodzi ndi chilichonse chimene wanyamula. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanyama kofewa, anati kali ngati siponji ya pa kaliyala ya kabaza: ikaphwanyika mbali imodzi, imatulukira m'mphepete. Pambali pakepo pamadutsa mtsempha wopita kumwendo, ndiye kanyamako kakaukhudza, munthu amamva ululu kapena dzanzi kuphazi pamene vuto lili m'chiuno. Mtsempha wa L5 ndi umene umakweza chala chachikulu ndi kumva pamwamba pa phazi, ndipo mavuto ambiri oterewa amachitikira pa mfundo ziwiri zakumunsi kwenikweni. Ekisile imaonetsa mafupa okha. Pamene anandiuza mu 2022 kuti fupa silinathyoke ananena zoona, koma ine ndinamva ngati akuti palibe chavulala. Choonetsa kanyamako ndi makina a MRI, amene ali ku Blantyre.

Ndinafunsa za mphini. Anaseka n'kunena kuti misana yambiri imachira yokha pakapita masabata kapena miyezi, ndiye mapiritsi ndi asing'anga onse amatamandidwa pa ntchito imene thupi lagwira lokha. Chimene amadana nacho ndi lezala limodzi kutemera anthu angapo. Ndinafunsanso za mabrufeni, ndikunamizira kuti ndikufunsira mnzanga. Anati brufeni, diclofenac ndi indosidi amatontholetsa ululu koma mtsempha umakhala ukupanikizikabe, ndipo kuwamwa munthu akuthamanga padzuwa, madzi atachepa m'thupi, kumawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba.

Pomaliza ndinafunsa chimene ndinabwerera. Kodi adzanditenga?

"Zimenezo ndi za madokotala a usilikali, achimwene, si zanga. Ine chimene ndikufuna tidziwe n'chakuti msanawu ungapirire katundu wa theka la chaka kapena ayi. Lero sungathe. Pakapita miyezi itatu, mwina."

Anati ndisadzione ngati wolumala. Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lapansi ankavutika ndi ululu wa m'chiuno, ndipo ambiri amene mtsempha unawapanikizapo amachira n'kumagwira ntchito zolemetsa. Anandilamula kuti chikwama ndichisiye masabata 6, kuthamanga ndisiye kaye, koma kuyenda ndisasiye, ndipo ndisagone tsiku lonse pamphasa chifukwa kugona kumafooketsa minofu imene imagwira msana.

Disembala

Masewera amene anandipatsa ndi ochititsa manyazi. Kugona chagada, kupinda mawondo, n'kukweza chiuno m'mwamba. Kugwada manja ali pansi, n'kutambasula dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere nthawi imodzi, kenako kusintha. Kutsamira zigongono ndi zala zakuphazi thupi lili lowongoka mpaka mimba itayamba kunjenjemera. Ana a pakhomo amandizungulira n'kumanditsanzira, amayi anafunsa ngati usilikali wake ndi womwewu. Anzanga akudutsa m'mawa ndi zigubu zinayi kumsana akuimba, ine ndili pamphasa kukweza chiuno. Kunena zoona zikundipweteka mtima kuposa mwendo.

Koma ndaona kusintha pa zinthu zazing'ono. Ponyamula ndowa kapena thumba ndikupinda mawondo, katundu ali pafupi ndi thupi, osapotoloka ndili chinyamulire. Kumunda ndikumaweramuka pafupipafupi m'malo modikira kuti mzere uthe, ndipo madzulo chiuno sichikulemera monga kale.

Chimene adokotala sanalembe m'buku ndi njala. Ufa ukuchita kuyezedwa, tikudya kamodzi, ndipo anthu ena ayamba kale kulowa m'madambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo. Malume akapha makakana amatipatsako, tsiku limenelo masewera amayenda. Tsiku la phala lokha manja amanjenjemera msanga. Munthu amafuna ntchito kuti adye, koma kuti thupi likwanire ntchitoyo ayenera adye kaye.

Febuluwale 2025

Kumapeto kwa Januwale wailesi inalengeza kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa kum'mawa kwa DRC, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 zimene zinalanda mzinda wa Goma. Anali m'gulu la asilikali a SADC pamodzi ndi a ku South Africa ndi Tanzania. Sabata yoyamba ya mwezi uno Pulezidenti Lazarus Chakwera walamula kuti asilikali athu ayambe kukonzekera zobwerera kumudzi. Amayi anamva zonsezi akupeta mapira. "Mwananga, ntchito ukuilimbikirayo ndi imeneyi?" Ndinalibe choyankha. Iwo akanakonda dzanzi lija lisathe.

Ndinapita kwa a Sajeni, ndipo tsiku limenelo ndinawauza za nzeru ya buku latsopano. Sanakalipe. Anandifunsa ngati ndinamvapo za Chancy Chitete. Dzinalo ndinkalidziwa, nkhani yake osati bwinobwino. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni ku DRC komweko, asilikali a Malawi ndi a Tanzania a pansi pa United Nations anamenyana ndi zigawenga za ADF. Msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, anawomberedwa n'kugwa poyera. Chitete anapita zipolopolo zikuuluka, anamukokera pobisalika, ndipo akumupatsa thandizo loyamba iye mwini anawomberedwa n'kumwalira. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 António Guterres anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene United Nations imapereka kwa oonetsa kulimba mtima kwapadera.

"Anthu amakamba za mtima wake, ndipo n'zoona," anatero a Sajeni. "Ine ndimaganizanso za ntchito imene anagwirayo. Munthu wovulala, ndi jombo zake, ndi zipolopolo zake, amalemera kuposa thumba la makilogalamu 50, ndipo alibe pogwira. Umamukoka utawerama, kapena ukukwawa. Mwendo ukachita dzanzi nthawi imeneyo, mwagona awiri. Adokotala ukhoza kuwanamiza, mphwanga, iwo madzulo amapita kwawo. Wotsala nawe ndi mnzako wa m'dzenje limodzi."

Anawonjezera kuti wobisa matenda akatulukira ali kale kumaphunziro amamubweza, ndipo amabwera kumudzi ndi msana woipa kuposa mmene anapitira, ntchito alibe.

Pobwerera ndinali wokwiya pang'ono. N'zosavuta kulankhula choncho munthu amene ali ndi penshoni ndi khola la mbuzi. Mnzanga uja akadzalowa ndi buku lake loyera, ine n'kubwezedwa pakhomo chifukwa chonena zoona, palibe adzandipatse mendulo. Komabe ndinayesa kudzifunsa kuti ndikanakhala ine wogona pansiyo, ndikanafuna wondikoka akhale ndi msana wotani, ndipo yankho lake sindinalikonde.

Marichi

Ndinabwerera kwa adokotala a mafupa. Anabwereza zonse zija, zidendene, zala, kanyundo. Mwendo wamanzere unakwera kufika pamene wamanja umafika, kukoka kuja kunangomveka m'ntchafu basi, osatsika. Zala zazikulu anazikankha kawiri, n'kusinthanitsa manja ake kuti atsimikize, ndipo anati tsopano zikulimba mofanana. Kuyambira mu Januwale anandilola kubwezera chikwama. Makilogalamu 5 ndi 10 ndayenda nawo popanda dzanzi. Thangadzi akuyenda madzi tsopano, ndiye tikuyenda m'mbali mwa njanji, miyala yake imavutitsa akakolo koma matope kulibe.

Pa 15 sindinafikebe. Tagwirizana kuti ndifikepo mwezi wamawa, ndikadutsa ndiyese 20, kenako kuthamanga pang'ono ndili chisenzere. Dzanzi likabweranso pa muyeso uliwonse, chaka chino sindilembera, ngakhale chilengezo chituluke mawa. Ndanena zimenezi pamaso pa a Sajeni ndi amayi kuti ndisadzazembe ndekha. Chaka chino ndikwanitsa zaka 23, ndiye mpata ulipo koma si waukulu. Ndayambanso kufunsa za maphunziro a umakaniki, chifukwa ntchito zina zimene ndinkaziganizira, upolisi kapena ulonda wa nyama ku Lengwe ndi ku Majete, nazonso zimafuna msana womwewu.

Adokotala alemba zonse m'buku lakale lija, pansi pa tsamba la Novembala: zimene anapeza poyamba, zimene apeza tsopano, ndi katundu amene ndikunyamula. Akuti oyesa akaona kuvulala kokha amakayika, koma akaona kuvulala, chithandizo ndi kuchira zili m'ndondomeko, amakhala ndi poyambira kuganiza. Sanandilonjeze kuti zidzathandiza. Buku limeneli ndi limene ndidzapite nalo. Mnzanga uja akuti ndapenga, ndipo tikuthamangabe limodzi.

Andilemberanso kalata yoti ndikaonane ndi madokotala a mafupa ku Queens ku Blantyre, kuti iwo aone ngati MRI ikufunika chilengezo chisanatuluke. Ndalama ya minibasi ndi yogona ndi imene ikusowa. Malume akuti agulitsa mbuzi imodzi Loweruka, koma ndidzawabwezere ndi ganyu yokolola thonje lawo mu Meyi. Ndawauza kuti kutola nditola, koma pamwamba pa lole akwere wina.